Belo anapereka Lachiwiri, koma mng'ono wanga akadali m'kati

Majisitireti anapereka belo Lachiwiri nthawi ya 11:40. Ndinamva ndi makutu anga. Lero ndi Loweruka, ndipo mng'ono wanga Yobe akugonabe m'ndende chifukwa cha munthu mmodzi, kalaliki wa pawindo lachiwiri.

Sindine munthu wolemba pano. Koma izi muzimve.

Yobe amagulitsa nsapato zakale za salaula ku msika wa Maramba. Atamva kuti matebulo awo awachotsa, anatumiza mawu pa foni ku gulu la anzake kuti akumane, akane kusamuka. Basi. Anamugwira pamodzi ndi anzake atatu. Mlandu akuti ndi wopangana chiwembu ndi kuukitsa anthu kuti agalukire boma. Munthu wotsuka nsapato m'beseni!

Mlanduwo ukazengedwe, sindikukana. Koma wayamba? Katatu konse abwera nawo kukhoti pa kasalanga, galimoto ya akaidi, katatu konse woimira boma waimirira n'kunena kuti chilolezo chozengera sichinafike kuchokera ku Lusaka. Masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi ali m'kati. Ndiye belo ndiyo khomo lokha lomwe latsala.

Majisitireti anati pakhale anthu awiri omuimira, onse apantchito, mmodzi akhale m'bale wake. Zosavuta. Ine ndimasunga katundu pa sukulu ya boma zaka khumi ndi zinayi. Wachiwiri ndi Amayi Zulu, namwino wa kumpingo kwathu ku Linda, amene anapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha ife.

Tinafika pawindo 12:15. Lotseka. Linatsegulidwa 14:35. Kalalikiyo anayang'ana kalata yanga ya kuntchito osaigwira n'komwe, n'kunena kuti chidindo ndi cha sabata yatha, akufuna cha lero. Ndinafunsa ngati ntchito yanga inatha m'sabata imodzi.

"Ba tate, ine sinikangana. Bwelani mailo."

Lachitatu 08:10 ndinali pomwepo ndi chidindo chatsopano. Anatenga reji yanga, chiphaso cha unzika, natenga pepala la Yobe, naziyika pambali ndi pambali.

"Imwe ni ba Phiri. Uyu ni Banda. Manje ubale uli pati?"

Ndinafotokoza mofatsa. Ine ndi Yobe mimba yathu ndi imodzi, bambo mmodzi. Ine woyamba kubadwa ananditenga malume ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, monga timachitira kwathu ku Katete. Mwana wa mlongo wako ndi wako. Malume ndiwo anandilembetsa sukulu, nalembetsa dzina lawo. Linalowa pa satifiketi, linalowa pa reji. Yobe anatsala ndi makolo, natenga dzina la bambo. Aliyense wa kum'mawa amadziwa zimenezi.

Iye anaseka. Anati zakumudzi zikhale kumudzi, pano ndi paofesi. Anati ndikalumbire pa pepala kuti ndine mkulu wake.

Ndili pamzere wotuluka, mayi wina anandinong'oneza: "Osavutika, pezani chabe Banda aliyense ku maketi. A Banda ni ambili, uyu ayangana chabe zina." Mwamva? Mlendo wa dzina lofanana angadutse, m'bale weniweni ayi. Ndinakana. Sindinganame pakhoti, ndipo bodza likadziwika amene angavutike ndi Yobe yemweyo.

Lachinayi 09:20 ndinabwera ndi pepala lolumbira, losainidwa, lodindidwa. Anati fayilo palibe. Ili kuti? Yapita m'kati. M'kati muti? Anakweza mapewa n'kupitiriza kukanda foni. Tinakhala pabenchi, ine ndi Amayi Zulu, mpaka 16:00. Pamene ankatseka windo, fayilo ndinaiona. Yapinki, dzina la Yobe pamwamba, ili pansi pa botolo lake la madzi. Ndinaloza. Anati nthawi yatha.

Tsiku lomwelo Amayi Zulu anandiuza mwaulemu kuti tchuthi chawo chithera Lolemba. Akabwerera kuntchito, ndiyambenso kufuna munthu wina. Ndani ena angavomere kuimira munthu wa mlandu woukira boma? Anthu akamva dzina la mlanduwo amayamba kutsokomola.

Lachisanu m'mawa ndinapita kukamuona Yobe. Mapazi atupa, patapata sakulowa. Amagona chokhala, msana pa mawondo a mnzake. Anzake atatu aja anatuluka Lachitatu. Yobe sanadandaule. Anangofunsa kuti, "Akulu, kodi mwalephera kundisainira, kapena mwachita mantha?"

Mng'ono wanga akuganiza kuti ndamuthawa. Chimenecho sindidzakhululuka.

Kuchoka kumeneko ndinafika pawindo 10:50. Fayilo yapezeka tsopano. Anawerenga pepala lolumbira, nalibweza ndi chala chimodzi. Anati kulumbira aliyense angalumbire. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye amene anandituma pepalalo. Anati sakukumbuka. Ndinapempha kuonana ndi mkulu wa ofesi. Ali ku wekishopu. Ndinapempha kuti nkhaniyi aibweze kwa majisitireti, iye aweruze ngati ndine m'bale. Anati majisitireti sakhala ndi nthawi ya nkhani za mabanja.

Ndiye ndinafunsa kuti, kodi umboni umene mukufuna ndi wotani?

Anatembenukira mnzake wa pawindo loyamba, akumwetulira. "Kapena abwelese amene anababala, ationese." Onse awiri anaseka.

Ine sindinaseke. Ndinalemba mawuwo m'kabuku, ndi nthawi yake, 11:05.

Tsono, bambo wa pawindo lachiwiri, ndikudziwa kuti izi zikufikani. Ndiyankheni. Ndi lamulo liti limati abale akhale ndi dzina limodzi? Ndani anakupatsani mphamvu yoposa majisitireti? Munthu amene khoti lamumasula mukumusunga ndi chilolezo cha yani?

Dzina lanu sindilemba pano. Ndalilemba m'kalata zitatu zodandaula, ndipo iliyonse ili ndi tsiku, ola ndi mawu anu. Amayi Zulu asainira ngati mboni. Yobe akatuluka sindisiya. Ndidzayenda maofesi onse monga mwandiyendetsera, mpaka inunso mudzakhale pabenchi kudikira kuti wina akumvereni. Ndikufuna pampando umenewo muchokepo.

Ndipo zimene munapempha ndachita. Ndinaimbira foni ku Katete. Amayi athu otibala ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ndipo mwendo umodzi ndi wovuta. Tinkawabisira kuti Yobe ali m'ndende. Tsopano akudziwa, ndipo akudziwa chifukwa chake. Akwera basi m'mawa uno, agona ku Lusaka, afika mawa.

Ndinawauza mawu anu monga munanenera. Iwo anati: "Akufuna ndimuonetse? Ndidzamuonetsa mabere amene anayamwa ana anga onse awiri, pamaso pa anthu."

Ngati simudziwa tanthauzo la mayi wokalamba kukuvulira chifuwa ali wokwiya, funsani aliyense wa kwathu lisanafike Lolemba. Windo lanu limatsegulidwa 08:00. Tidzakhala oyamba pamzere, ndipo ine sindidzawagwira dzanja kuti ndiwaletse.