Zigamba zitatu pansi pa chipewa changa

Ine sindine munthu wanthabwala, ndipo amene amandidziwa kuno kwa Mphamba angakuuzeni. Zimene ndikulembazi zinachitikadi, pathupi panga, zaka zingapo zapitazo.

Sitiroko itandigwira, mwendo unabwerera, mkono unabwerera, koma pakamwa panakana. Mawu ankatuluka opindika, ndipo dovu linkangochucha mpaka pakolala, ine mkulu wa mpingo kumayenda ndi kansalu m'manja ngati khanda lomera mano! Mwana wanga wa ku Lusaka ananditengera kwa dokotala, ndipo tinabwerako ndi tizigamba tomata pakhungu ngati pulasitala, tokhala ndi mankhwala oumitsa malovu. Dokotalayo ananena momveka kuti kamodzi kokha, kuseri kwa khutu, ndipo pakapita masiku atatu ndichotse ndisanamate kena. Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve.

Kamodziko kankathandiza, koma dovu pang'ono linkatsalabe. Ndiye unafika ukwati wa mdzukulu wanga, mu Okutobala, ndipo ine ndi amene ndinayenera kuimirira n'kulangiza akwati pamaso pa akuchimuna. Ndinaganiza ngati mlimi: kodi chimanga chikafooka suwonjezera feteleza? Dzulo lake masana ndinamata tina tiwiri kuti tikhale titatu, n'kuvala chipewa changa chaulusi chofika m'makutu. Sindinauze munthu, ngakhale mayi akunyumba.

Kutacha, dovu linali litaumadi. Koma lilime nalo linali litauma ngati chikopa cha ng'oma, thukuta osatuluka dzuwa lonse lija, m'maso muli chifunga. Tisananyamuke kupita kutchalitchi ndinaona linthumbu likukwera miyendo yanga, ndinayamba kudzikutumula n'kuvula jekete, kenako ndinaona mkulu wanga amene anamwalira kalekale atakhala pathumba la mtedza akundiseka, ndipo ndinamugenda ndi ndodo. Ana anga anandigwira, anandigoneka pabedi n'kundimanga manja ndi zitenje kuti ndisadzivulaze, n'kutseka chitseko kuti alendo asaone.

Mantha enieni anayambira pamenepo. Nzeru zinkapita n'kubwera, ndipo zikabwera ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikundipha: chinali kuseri kwa makutu anga, manja anga ali omangidwa. Ndikati ndinene, ndinkangomveka ngati mbuzi yotsamwa. Mkodzo unadzaza mpaka mimba inauma gwa, koma osatuluka ngakhale dontho. Ndinkapukusa mutu papilo kuti chipewa chivuke, koma mayi akunyumba, podziwa kuti sindilola anthu kuona dazi langa, ankachikonza n'kuchikokeranso m'makutu, akulira. Nanga ndani akanayerekeza kundivula? Ndinali nditawaphunzitsa ndekha, zaka zonsezi, kuti mutu wanga sagwira munthu.

Pazenera ndinkamva akukangana. Ena ankati ndi mizimu ya vimbuza, ena ankati akuchimuna abwera ndi zinthu zawo. Kenako ndinamva akumanga ng'ombe pangolo kuti anditengere kwa sing'anga wina wakutali, ulendo wa tsiku lonse padzuwa. Ndinadziwa kuti ndikakwera ngolo imeneyo ndi chipewa chili kumutu, ndikabwerako wokutidwa ndi bulangete.

Amene analowa ndi mlamu wanga wa ku Kasungu, mlongo wa mayi akunyumba, wogulitsa kaunjika pa msika wa Lundazi, munthu amene ndinkamuyesa wachibwana moyo wanga wonse. Anandifunsa ngati ndayamba kuvina ukwati usanadalitsidwe. Atandigwira pamphumi anati ndikutentha ngati mbaula, ndipo ndi munthu wanji wovala chipewa cha mu Juni kunja kukuwotcha chonchi? Mlongo wake anamuletsa kugwira chipewacho, iye anayankha kuti alamu akachira adzamulipiritse nkhuku, n'kuchizula kuti andithire madzi. Ndi pamene anaona zigamba zija, n'kufunsa ngati ndine chubu cha njinga kuti ndimatidwe chotere. Mayi akunyumba anakuwa kuti dokotala anati kamodzi.

Anamatula zonse, anatsuka pamalopo ndi sopo, ndipo ngolo ija inalowera kuchipatala. Kumeneko anandiika kapaipi kotulutsira mkodzo, ndipo nzeru zinakhazikika patapita masiku awiri. Ukwati unachitika ine kulibe. Amene analangiza akwati ndi mlamu yemweyo, ndipo akuti anthu anaseka kwambiri.

Ena m'mudzi muno mpaka lero amati ndinalodzedwa. Ayi. Ndinadzimanga ndekha, poopa dontho la dovu pamaso pa alendo. Masiku ano ndimamata kamodzi, ndipo womata ndi mayi akunyumba. Dovu likatsala ndimapukuta.

Inu akuluakulu anzanga, mankhwala si feteleza. Ndipo chimene mwaika pathupi panu, wina m'nyumba achidziwe, chifukwa tsiku limene pakamwa padzakane, anthu okukondani adzakukokerani chipewa m'makutu poganiza kuti akukupatsani ulemu.