Olyo wa Karinya ya a Dona Selina

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamaliro. Bambo anga atamwalira, tsiku lometa kunabwera mkulu wina wamfupi, wa zikhadabo zakuda, amene anakhala nawo limodzi ku Dedza nthawi ya nkhondo, onse ali othawa kwawo. Anandipeza kuseri kwa nyumba ndikumasula mpope wopopera kachewere umene unali utatsekeka. Anaima n'kumandiyang'ana, kenako anapita kwa amayi. "Mwanayu mukumusungira ndani? Ndipatseni ine. Manja akewa si a khasu lokha."

Amenewo anali a Zakariya, koma ku Ulongwe konse palibe ankawatchula dzina. Tonse tinkangoti a Mesitiri, ndiko kuti mmisiri wamkulu. Ofisina yawo, kumene ankakonzera magalimoto, inali chisakasa cha malata chokhala ndi dzenje lalitali pakati, loti galimoto iziima pamwamba munthu n'kulowa pansi pake. Madalaivala atamva kuti alemba mtsikana anaseka mpaka kugwirana mapewa. A Mesitiri anangoti, "Amene sakufuna kuti Filomena agwire galimoto yake, msewu ndi uwo." Palibe anachoka, chifukwa masiku amenewo injini ikatsokomola kuyambira ku Domwe mpaka ku Kalomwe, inkathera m'manja mwawo.

Anandiyambitsira pa olyo, amene anzathu a ku Dedza amati oyilo. Ndi ntchito imene anthu amaipeputsa, koma iwo ankaiphunzitsa ngati katekisimu. Injini uyambe waitenthetsa kuti olyo asungunuke. Uike beseni, umasule bujawu, bawuti ija ya pansi pa injini, dzanja lili kumbali kuti usapse. Usafulumire kutseka, udikire mpaka adonthe ngati mvula yakata. Kawasha ka bujawu usinthe. Fyuluta yatsopano uipake olyo pamphira wake ndi chala, uimange ndi dzanja, osati ndi sipanala. Ukathira, ulize injini pang'ono, uzimitse, udikire, ndiye usolole vareta, kachitsulo koyezera kaja, uipukute, uibwezere, uisololenso. Ndikalumpha chimodzi ankandiona ngakhale atandifulatira.

Olyo wawo anali mmodzi yekha, wokhuthala, wa mu mgolo wobiriwira umene unkakhala pakona. Ankamutapa pang'ono, n'kumufikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kutambasula zalazo kuti kaulusi kaoneke. "Olyo weniweni amagwira chala," ankatero. Ndipo pa malole akale ndi mashapa, maminibasi otopa aja, amene injini zake zinali zitakula mipata, sankanama. Olyo wokhuthala ndiye ankaziletsa kulira.

Kenako kachewere anayamba kulipira bwino. Ogula ena amene ankabwereka malole anayamba kugula makarinya awoawo, mapikapu onyamulira katundu aja, atsopano, a dizilo, onyezimira. A Mesitiri anaona kumene mphepo ikulowera. Anagulitsa nkhumba zawo ziwiri n'kunditumiza ku Tete kukachita maphunziro a miyezi ingapo. Pondikweza shapa anati, "Ukamve zonse, ukabwere udzandiuze." Mawu amenewa ndimawakumbukira kuposa kutentha konse kwa ku Tete.

Kumeneko ndinaphunzira kuti injini zatsopanozi zili ndi tinjira ta olyo tating'ono kwambiri, ndiponso turubo, yokankhira mpweya mu injini, imene imazungulira mwaliwiro loopsa ndipo siyenera kukhala youma ngakhale kamphindi. Zimafuna sintetiko, olyo wopyapyala wopangidwa mwapadera, amene amathamanga msanga injini ikangolira ndipo sapsa msanga ikatentha. Kwathu kuno, kumene m'mawa wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala, olyo wokhuthala amachedwa kukwera, ndipo turubo imayamba tsiku ikudzidya yokha. Siifa lero, siifa mawa, koma imafa.

Nditabwerera, ndinawauza? Ndinkadzinamiza kuti ndinawauza. Zoona zake n'zakuti ndinalankhula kamodzi, nthawi ya nkhomaliro, madalaivala atazungulira, ndipo ndinalankhula m'Chipwitikizi cha m'kalasi, mawu aataliatali, kuti onse amve kuti Filomena wabwera ndi sukulu. A Mesitiri Chipwitikizi chawo chinali cha pamsika, poti zaka zawo za sukulu zinathera kothawa nkhondo. Anatenga kabotolo ka sintetiko kamene ndinabwera nako, anafikisa pazala, n'kuseka. "Uyu ndi tiyi wopanda mkaka, mwana. Nkhumba zanga zagula tiyi?" Madalaivala anagwa nacho chiseko. Ine mtima unawira. Ndili ndi vuto limeneli kuyambira ndili mwana: munthu akandiseka sindiyankha, ndimasunga. Ndinati mumtima, chabwino, tsiku lidzakwana.

Linakwana mwezi wa Julayi, m'mawa wozizira, tsiku la msika. Pa ofisina panali anthu ambiri kuposa masiku onse, ena odikira magalimoto awo, ena ongoothera mbaula yathu. Kunalowa karinya yoyera, mapulasitiki akadali pamipando. Mwini wake anali a Dona Selina, mayi wa ku Domwe wogula kachewere, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Anatsika akukonza chitenje, n'kuloza karinyayo.

"Mesitiri, mwanayu wayatsa kanyale koti akufuna olyo. Ondigulitsa akuti ndipite naye ku Tete. Ine nditaye tsiku la kachewere chifukwa cha olyo? Ndabwera kwa inu, poti ndinu munkasamala lole ya malemu amuna anga."

A Mesitiri anasangalala ngati mwana. Inali karinya yatsopano yoyamba kulowa pa dzenje lathu. Anaizungulira, anaisisita pabonati ndi nsalu yoyera, n'kundiuza kuti nditsike. Ndinamasula chitsulo chotchinga pansi, ndinakhetsa olyo wakale, ndinasintha kawasha, ndinamanga fyuluta. Ndili m'dzenjemo ndinamva pampu ya mgolo wobiriwira ikulira, kwii, kwii, akudzaza jagi. Ndinadziwa chimene chikubwera.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Asanathire, anabwera n'kunjuta m'mphepete mwa dzenje, mutu wawo pafupi ndi wanga, pansi pa galimoto pomwe panalibe wotiona kapena kutimva. Anafunsa motsitsa mawu, "Zonse zili bwino, mwana? Palibe chimene ndaiwala pa zatsopanozi?" Anandifunsa. Khomo analitsegula okha. Ndikanangoti, a Mesitiri, uyu amafuna wopyapyala uja, tiyeni titume munthu. Iwo akanadzuka n'kulengeza ngati nzeru yawo, ndipo tsiku likanatha bwino. Koma tiyi wopanda mkaka uja anali akadali pakhosi panga. Ndinati, "Zonse zili bwino."

Ndinatuluka m'dzenje, ndinapukuta manja, ndinadikira. Anatsegula chivundikiro, anaika funili yothirira, ananyamula jagi. A Dona Selina anali pambali pawo, anthu onse maso ali pomwepo. Jagi itangopendekeka ndinakuwa.

"Musathire! Mupha injini ya eni ake!"

Anaima, jagi ili m'mwamba. Pamenepo pokha pakanakwana, injini inali itapulumuka. Koma pakamwa panga panali patatseguka kale. Ndinaloza manambala olembedwa pachivundikiro, ndinafotokoza za turubo, za kuzizira, mokweza, ndikuyang'ana anthu osati iwo. Ndipo ndinamaliza ndi mawu amene ndikanakonda ndikanawameza: "Olyo wanuyo ndi wa magalimoto a nthawi ya nkhondo."

Munthu amene anathawa nkhondoyo wapansi pamodzi ndi bambo anga, ndinamuuza zimenezo pamaso pa anthu. Wina anaseka pang'ono n'kusiya. A Dona Selina anaomba m'manja kamodzi. "Epa! Ndiye mukanandiphera mwana ndikuona? Mesitiri, zoona zimenezi?"

A Mesitiri anatsitsa jagi pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Anayang'ana chivundikiro chija nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwanayu akunena zoona, mayi. Ndine ndinamutumiza kuti akaphunzire. Pepani." Sanatume munthu. Anatenga njinga yawo okha n'kupalasa kupita kogulitsa mafuta, ndipo nthawi yonse imene anachokapo ine ndinangoima ndi nsalu m'manja. Atabwera ndi zigubu za sintetiko anandipatsa kuti ndimatule a Dona Selina akuona. Iwo anagwira funili, ine n'kumathira. Mwini ofisina, wa imvi, kugwirira funili mwana amene anamutola pamaliro.

Madzulo ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndikanakondwa akanandikalipira. Anangoti, "Usaiwale kutseka mgolo," n'kumapita.

Nkhani ya pamsika siyenda pansi. Pasanathe mwezi, makarinya atsopano anayamba kubwera, koma eni ake ankapereka moni kwa a Mesitiri maso ali kwina. "Mtsikana uja alipo?" Iwo ankaloza ndi chibwano, "Ali m'dzenje." Choipa kwambiri n'chakuti ngakhale a malole akale, amene olyo wa mu mgolo anali wowayenera ndithu, anayamba kukayika. Wina anandikokera pambali kundifunsa ngati mkuluyu sakuwaphera injini. Ndinamuuza kuti ayi, pa lole yanuyo palibe wowaposa. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma sanabwerenso.

Chaka chotsatira a Dona Selina anandipatsa malo pafupi ndi nyumba yawo yosungiramo kachewere kuti nditsegule ofisina yanga. Ndinapita kukawauza a Mesitiri ndikuyembekeza kuti andiletsa. Anati, "Pita, mwana. Bambo ako akanakondwa." Ndinapita, ndipo makarinya ananditsatira. Patapita zaka zochepa chisakasa chawo chinatsekedwa, dzenje analikwirira, pano pali wogulitsa feteleza. Iwo anabwerera kumunda. Anthu amati ndi ukalamba, ena amati ndi nthawi zasintha. Mwina n'zoona, nthawi ikanawapeza ndithu. Koma ine ndikudziwa amene anaitsegulira chitseko, ndi tsiku lake.

Kwa amene mukufuna ntchito imeneyi, za olyo n'zosavuta. Werengani chimene injini ikufuna, musayese ndi zala. Misewu yathu ya fumbi imafuna kuti musinthe msanga kuposa mmene bukhu likunenera, ndipo fyuluta ya mpweya muziiona nthawi zonse. Zimenezi aliyense angakuphunzitseni. Chimene ine ndinaphunzira mochedwa n'chakuti kukhoza kumawononganso. Injini ya a Dona Selina ikuyendabe mpaka lero, ndipo palibe tsiku imadutsa pa ofisina panga ine osamva manyazi.

Mwezi wa Ogasiti wapitawu a Mesitiri anabwera ku Ulongwe kudzagulitsa nyemba, n'kupatukira kwanga. Akalamba, akuyenda ndi ndodo. Ndinawapatsa mpando ndi tiyi, anyamata anga awiri akugwira ntchito pa karinya ina. Anakhala n'kumaonerera. Anyamatawo atapita kukadya, anasuzumira uku ndi uku, n'kutola chigubu chopanda kanthu cha sintetiko.

"Filomena, poti tatsala awiri. Manambala awa, kodi amati chiyani kwenikweni?"

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwafotokozera m'Chinyanja chathu. Nambala yoyambayi ikunena mmene olyo amathamangira kukazizira, yachiwiriyi mmene amagwirira injini ikatentha. Ndinatenga kapaipi kakang'ono ndi paipi yaikulu kuwaonetsa kusiyana kwa tinjira. Sindinafike n'kumapeto komwe. Anandidula okha. "Ndiye kuti m'mawa wa Juni wokhuthala uja amafika mochedwa kumwamba, turubo n'kumazungulira youma." Ndinati eya, ndi zomwezo. Tiyi wawo anali asanazizire n'komwe.

Anatembenuza chigubu chija m'manja, n'kuchiyang'ananso.

"Basi? Zomwezi zokha?"

"Zomwezi zokha, a Mesitiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ha. Ine ndinkayesa n'zovuta kwambiri, poti sunandiuze."