Ndere za Alamu Anga a Shafik

Tsiku limene anthu anabwera kudzafunsira mwana wamkazi wa alamu anga a Shafik, alamuwo anameza madzi amchere. Ankayamwa paipi kuti akoke madzi m'thanki la nsomba, ndiye anatsamwa, n'kulavulira nsapato za bambo a mnyamatayo. Ukwati unachitikabe. Nkhaniyi ndinaifalitsa ndine, khomo ndi khomo, m'nyumba yathu yosanja muno mu Alexandria.

A Shafik anadula matikiti mu tramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, zaka makumi atatu. Atapuma anagula thanki lagalasi ndi nsomba zisanu za ku Nyanja Yofiira. Pansi pake, m'kabati, munali kathanki kena kamene sankaonetsa munthu.

Popita ku Maka m'mwezi wa Ramadani anandisiyira makiyi. "Alamu, muzingozipatsa chakudya. Pansipo ayi."

Kuuza ine kuti pansipo ayi! Asanafike n'komwe pabwalo la ndege, ine n'kuti nditatsegula kale. Ndinapeza nyale ikuyaka masanasana, ndi chimtolo cha ndere zobiriwira, zopotana ngati waya wotsukira mapoto. Ndinati, munthu wopita kukapemphera n'kusiya uve wotere? Idi inali pafupi, nyumba iliyonse ikukolopedwa. Ndinazula zonse, kuzimitsa nyale, n'kukapatsa make Ragab, amene amaweta abakha padenga.

Patatha sabata madzi anachita mbuu. Nsomba yachikasu imene amaitcha Basha inasiya kudya. Ndinaimba foni.

"Nderezo mukuziyatsira nyale?" anafunsa a Shafik.

"Ndere ziti, alamu?"

"Zimene zimayamwa zonyansa za nsomba! Ndazilera zaka zinayi kuchokera pa kaulusi kamodzi. Mwatani, inu wailesi ya pamasitepe?"

Ndinakwera kudenga wefuwefu. Abakha anali atazikana, koma dzuwa linali litaziumitsa gwaa. Ndinabwerera, n'kugwada m'kabati muja ndi tochi mpaka ndinapeza timaulusi titatu tokodwa pa sefa. Ndinatiyatsira nyale, madzi n'kumasintha tsiku lililonse poyamwa paipi ija. Ndinameza kawiri.

Basha anachira, zinzake ziwiri zinafa. A Shafik atabwera anayang'anitsitsa timaulusi tija. Anati kumene achokera aphunzira kukhululuka, koma makiyi anatenga.

Make Ragab anali pakhomo, manja m'chiuno, akundiyang'ana ine.

"Bambo inu, mimba za eni mumazidziwa eni ake asanazidziwe, koma udzu wa m'kabati wakukanikani. Ngakhale abakha anga anadziwa kuti si zawo."