Malaya a Chitenje Amene Ndinakana

Bambo anga ankanyamula matabwa kuchokera kuphiri kutsikira nawo ku Chinamwali. Anali ndi malaya amodzi a chitenje, obiriwira, amene anasuluka paphewa lakumanja, pomwe thabwa linkakhala. Ankapita nawo kutchalitchi, kumaliro, kuntchito komwe. Palibe ankawacheukira.

Atamwalira, pogawa zovala zawo, amalume anandipatsa malayawo. Ine mutu wanga suchedwa kutentha, ndi umene unandichotsa sukulu ndili Sitandade 7.

"Amalume, ena mwawapatsa jekete, ine chitenje? Mukufuna ndizikavina kumsonkhano?"

Ndinawaponya pamphasa. Amayi anangowerama. Amalume anawatola n'kuwapinda bwinobwino.

Patapita miyezi, ndinayamba kuwasowa bambo moti ndinkalephera kudya. Ndinagula nsalu yobiriwira, telala n'kundisokera malaya ofanana ndi a bambo aja. Nditavala Lamulungu, anauma gwa ngati katoni, kolala ili njo. Anyamata a kabaza pasiteji anafa nako kuseka.

"Aise, chinkhoswe n'cha ndani? Kapena azungu akukakujambula kuphiri?"

Mmodzi ndinamumenya. Kunyumba amayi anandisambitsa chala chotupa ndi madzi ofunda.

"Nsalu yatsopano timayamba taichapa katatu, iwe," anatero. "Ndipo bambo ako sankavala kuti anthu awaone. Ankangovala."

Ndinapita kwa amalume kukapepesa, kuti andibwezere malaya enieniwo. Anati anawapatsa mkulu wina wa ku Malosa, mnzawo wa bambo pa ntchito ya matabwa. Ndinakwera msewu wa kuphiri m'mawa kukamudikira, mawu okalipa ndawakonza kale.

Anatulukira pakona m'nkhungu atavala malaya aja, matabwa awiri paphewa, batani lapamwamba losamanga, thukuta lili chuchuchu pamsana. Matabwawo anakhala ndendende posuluka paja. Ndinaona ngati ndi bambo akutsika.

"Mwana wa achimwene!" anatero. "Tandilandira, phewa lafa."

Ndinamulandira. Tinatsika limodzi mpaka ku Mtiya, iye akusimba za bambo, ine ndikuyang'ana kumbali kuti asaone maso anga. Za malaya sindinatchule. Ndikanawatenga ndikanakawasunga m'sutikesi.

Anga aja ndinawachapa katatu. Ndimanyamula nawo matabwa tsopano, ndipo pasiteji anasiya kundiseka. Koma paphewa sipanasuluke. Ndimayang'anapo nthawi iliyonse ndikavula.