Tiyirumu ya khomo limodzi

Ndikukumbukira tchuthi chachikulu chimene ndinabwerera kumudzi nditamaliza Fomu 2. Abambo anali atamwalira chaka chomwecho, ng'ombe zawo abale awo atagawana, n'kuwasiyira amama yaikazi imodzi yokha. Fizi ya Fomu 3 panalibe, ndipo aliyense ankadziwa kuti ikapanda kupezeka, sukulu yanga yathera pomwepo.

Masiku amenewo ndinkalemba chilichonse m'kope langa, ngakhale maloto. M'menemo ndi mmene ndinalemba pulani yotsegula tiyirumu m'mbali mwa msewu wopita kuchipatala cha mishoni ku Embangweni. Ndinatsata zimene tinaphunzira m'kalasi: malo, zogula, ogula. Ndinalemba ketulo, makapu achitsulo, shuga, masamba a tiyi, ufa wa masikono, nkhuni, benchi lalitali, mpaka khadi la chipani kuti anyamata a yufi, ofunsa makadi masiku amenewo, asadzativutitse. Ndinakhalanso m'mbali mwa msewuwo masiku awiri kuona odutsa. Ambiri anali amayi odwazika matenda, ochokera kutali wapansi, mitanga ili pamutu, milomo ili gwa. Ndinalemba mokondwa kuti ogula athu ndi amenewa.

Amama anamvetsera ndikuwawerengera zonse. Anangoti, "Iwe ndiwe wasukulu," ndipo ng'ombe ija inagulitsidwa.

Tinabwereka kanyumba ka chipinda chimodzi, tinazira pansi, n'kutsegula. Fungo la masikono otentha linkafika mpaka kumsewu. Anthu anabweradi, koma anali amuna okhaokha: oyendetsa ngolo ndi madala a m'midzi yozungulira, amene ankagula kapu imodzi n'kukhala nayo mpaka dzuwa pamutu, akukangana za fodya ndi ng'ombe. Amayi aja ankafika pakhomo, n'kusuzumira, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kunena kuti "Yewo," basi n'kumapita. Madzulo masikono otsala tinkadya tokha, mawa lake ouma. Sabata ziwiri zinatha choncho. Amama sankadandaula, koma ndinkawaona akuima nthawi yaitali pafupi ndi khola lopanda kanthu.

Ndinatsitsa mtengo. Ndinalemba chikwangwani chachikulu. Palibe chinasintha.

Pafupi nafe panali a Saidi, bambo wachisilamu wochokera kumwera, amene ankagulitsa nsalu ndi ulusi pakhonde. Tsiku lina anandiona ndikufufuta ndi kulembanso m'kope muja, n'kundiitana akuseka.

"A Fomu Thuu, kopelo silimwa tiyi. Lisiyeni, mudzakhale apa."

Ndinakhala monyinyirika. Posakhalitsa mayi wina wobereka mwana anafika pakhomo pathu, n'kusuzumira, n'kubwerera.

"Wabwerera chifukwa chiyani ameneyo?" anandifunsa.

"Alibe ndalama."

"Wagula ulusi kwa ine pompano, chenji wamanga pansonga ya chitenje. Thamangani mukamufunse."

Ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo, akupatsa mwana madzi. Nditamufunsa, anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Mwana wanga, njala ndili nayo chomene. Koma mkati muja muli atatavyala. Ine ndikakhale nawo benchi limodzi, ndizitafuna sikono iwo akuona? Mbwenu mawa mudzi wonse wamva."

Atatavyala ndi apongozi aamuna. Kwathu mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzi, sadya pamaso pa apongozi ake, sakhalanso nawo mpando umodzi. Ndipo popeza mkazi amakakhala kwawo kwa mwamuna, pafupifupi mdala aliyense wa m'midzi imeneyo ndi mpongozi wa wina. Mwambo umenewu ndinabadwira momwemo. Amama anga omwe ndinakula ndikuwaona akudyera kuseri kwa nyumba agogo aamuna akabwera. Koma pamene ndinkalemba pulani, ndinaona mitu ya anthu odutsa, osaona kuti ndani angakhale pansi pafupi ndi ndani.

Nditawafotokozera amama, anapitiriza kutsuka makapu osandiyang'ana.

"Ndinaziona tsiku loyamba lomwe," anatero.

"Nanga osanena bwanji, amama?"

"Ndimati kapena m'mabuku mwanu zinasintha."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipiridwa. Anagulitsa ng'ombe yawo yomaliza, n'kutseka pakamwa pa chinthu chimene ankachidziwa bwino, chifukwa cholemekeza sukulu yanga.

M'mawa mwake tinapita kudambo ndi zikwakwa. Tinamweta udzu masiku awiri, manja anga onse matuza. Kuseri kwa kanyumba kaja tinamanga mpanda wautali kuposa munthu, khomo lake loyang'ana kunjira ya kuchitsime, ndipo pansi tinayala mphasa. Zonsezi anakonza ndi amama. Ine ndinkangopatsira luzi. Chikwangwani sitinalembe. Amama anangonong'oneza amayi awiri pachitsime.

Pofika Lachisanu, mphasa zinali zitachepa. Amayi ankatambasula miyendo, kumasula ana kumsana, kuviika masikono m'tiyi, akuseka mokweza moti madala a kubenchi ankafunsa kuti kuseriko kuli ukwati wa ndani. Ena ankagula masikono ena n'kumanga pansalu, opita nawo kwa odwala awo. Ndinkakanda ufa kawiri patsiku. Sukulu inatsegulidwa fizi isanakwane, ndipo ndinachedwa sabata imodzi, koma itakwana ndinakwera basi ndi sutikesi yanga. A Saidi anandibayibitsa akufuula kuti, "Muyende bwino, a Fomu Fili!"

Lero ndakalamba, ndipo achinyamata amabwera kudzandionetsa mapulani a mabizinesi awo, olembedwa bwino kuposa yanga ija. Ndimawalimbikitsa, chifukwa kulemba kumathandiza munthu kuganiza. Koma ndinazindikira kuti pepala limangosunga zimene mwini wake anafunsa. Ndiye ndisanawerenge ndimayamba ndawafunsa ngati analankhulapo ndi munthu amene akufuna kuti adzawagule, makamaka uja wofika pakhomo n'kubwerera. Kenako ndimawafunsa ngati kunyumba kwawo kuli wina amene wangokhala chete chifukwa choopa maphunziro awo. Akati alipo, ndimawabwezera pepala lawo kuti akayambe amva kwa ameneyo.