Ndinapala Ng'oma ndi Lezala

Ine kuwerenga ndinakudziwa mano atayamba kundithawa, ee, mano akutuluka, zilembo zikulowa! Ndinabadwira ku Kasungu, ndinadumpha malire ndili mtsikana kudzasoka fodya kuno kwa Mphamba, ndinakwatiwa konkuno, ndinabereka, ana nawonso anabereka, koma pensulo ndinkangoiona m'manja mwa ena. Ndiye chaka china kutchalitchi kwathu anatsegula sukulu ya ife akuluakulu, Lachitatu lililonse masana. Ndinamanga chitenje, ndinapita.

Aphunzitsi athu, mayi wamng'ono wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, ankabwera ndi timabuku ta ana, tolembedwa ndi amayi ena ake amene tinali tisanawaonepo. Timabukuto tinatilowa m'magazi. Azigogo athunthu, imvi mbuu, kulimbirana kabuku ka mwana wa giredi wani! Kokoma koposa kanali ka bakha amene anakaikira mazira m'ng'oma ya chimtali, ng'omayo itagonekedwa kuseri kwa nkhokwe. Mudzi wonse unkavina chinunu, wopanda woimba ng'oma, kudikira kuti mazira aswe, uku nkhanga ikuzungulirazungulira kulalata kuti bakhayo achotsedwe.

M'kalasimo munali mnzanga, ngati ndi mnzanga kumene. Mayi wachitumbuka wa kwa Magodi, wogulitsa tomato pa msika wa Lundazi, pakamwa pake wailesi yopanda pozimitsira. Ataona kayendedwe kanga anandipatsa dzina la m'kabukumo, a Bakha. Ine ndinawabwezera pompo, a Nkhanga.

"Monile a Bakha! Mwacedwa soti, kapena katundu wa kumbuyo walema?"

"Yewo a Nkhanga. Ndakumvani ndili kudambo, ndiye ndinati kalasi sinayambe, akadalalata."

Tinkatero, kenaka n'kukhala benchi limodzi, n'kumathyolerana chinangwa chootcha.

Tsiku lina aphunzitsi anati amayi olemba mabuku aja abwera ku boma, ndipo mmodzi wa ife akaimirira pamaso pawo kuwawerengera nkhani ya bakha. Mayo ine, ndinafuna! Ndinafuna ndi mimba, ndinafuna ndi mawondo! Moyo wanga wonse akhala akundiwerengera ena, kalata ena, uthenga wa pafoni ena, pepala la kuchipatala ena. Ndinafuna mwini mawu andione ine ndikumutolera mawu ake papepala ndi maso angawa. Kabuku kanali kamodzi, choncho anati aliyense azikatenga sabata imodzi, kenaka atiyesa. Anayamba a Nkhanga, ine pambuyo.

Nditakatsegula kunyumba, pakhonde, dzuwa lili phwee, ndinaona uve. Timadontho takuda, tokhala ndi kamchira, titakakamira pamwamba pa mawu, apa kamodzi, apo kamodzi, tsamba ndi tsamba. Ndinadziwa msanga. Kabuku kagona sabata yonse pa benchi ya tomato, ntchentche za pamsika zachitapo zawo. Ndinati mayi uyu ndi wauve, buku la amayi athu kulisandutsa chimbudzi cha ntchentche! Ndinayesa ndi malovu, osachoka. Ndinayesa ndi chikhadabo, osachoka. Ndinatenga lezala. Pala, pala, fuu, kuuzira. Pala, pala, fuu. Masiku anayi ndili pa ntchito imeneyo, ndikuimba masamba oyambirira ngati nyimbo, pakuti ine chinthu chikandikomera chimasanduka nyimbo. Pena pepala linkabooka, koma ndinati bola bowo kusiyana ndi matuvi.

Loweruka ndinapita kumsika dala, ndinaima pakati pa anthu.

"A Nkhanga, ntchentche zanu muziziphunzitsa mwambo! Ndapala uve wanu masiku anayi!"

"Uve wa cani, imwe?"

"Mudzaona Lachitatu. Mudzandithokoza mutagwada."

Lachitatu ndinapereka kabuku ndi manja awiri, chifuwa patsogolo. Aphunzitsi anatsegula, anakweza tsamba kuloza pazenera. Dzuwa linadutsa m'timabowo ngati denga la malata akale.

"Agogo, mwatani buku?"

"Ndalisambitsa."

Anandilankhula mofatsa, mwana wa eni. Anati kadontho kaja si uve wa ntchentche, ndi chizindikiro, ndiko kamauza munthu kuti mawu awatulutsire m'mphuno. Ng'o-ma. Mukakachotsa yatsala ngoma. Tsono ngoma pa Chitumbuka ndi chimanga, ndipo ine amene ndakalambira pakati pa Atumbuka ndinadziwa zimenezo asanamalize n'komwe. A Nkhanga anagwa pa benchi, anagubuduka, duku kuuluka.

"Mwe ŵanthu! Bakha anaikila mazila mu ngoma! Anyamata anaimba ngoma! Mucewa uyu wasandutsa cimtali kukhala munda!"

Kalasi yonse misozi mbwe. Kuyesa kunathera pomwepo. Anasankhidwa a Nkhanga.

Akanaseka tsiku limodzi ndikanaseka nawo, ine si munthu wosunga nkhope. Koma mayi ameneyu sadziwa polekezera. Anasunga chisononkho cha chimanga pa benchi ya tomato. Ndikangotulukira pa geti la msika, ankachikweza m'mwamba, kuchimenya ndi kamtengo, "A Bakha, bwelani muvine, ngoma yalila!" Ogulitsa nsomba za kapenta anaimva, ogulitsa zovala za salaula anaimva, a njinga zonyamula anthu anaimva. Ngoma, ngoma, ngoma, m'mawa ngoma, masana ngoma, masabata atatu. Tsiku lina mdzukulu wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa ngati n'zoona kuti ndinameta buku. Pamenepo ndiye chinandiwawa, chinatsika mpaka m'chiwindi.

Ndinasamuka benchi. Chinangwa changa ndinkadya ndekha. Tomato ndinkagula kwa mayi woyandikana ndi a Nkhanga, tomato wosapsa bwino, ndikumusankha pang'onopang'ono kuti aone. Ndipo sindibisa, popemphera ndinkatchula tomato wawo, kuti Ambuye amene amadziwa zonse adziwenso chochita naye.

"Mwakwiya zoona, a Bakha?" anandifunsa tsiku lina potuluka m'kalasi.

"Ine sindikwiyira mbalame."

"Nanga moni?"

"Moni wanga ndinamupala ndi lezala."

Tsiku linafika. Holo ya ku boma inadzaza, ana a sukulu pansi kutsogolo, ife azigogo pa mabenchi kumbuyo, titavala zitenje zofanana. Amayi olemba mabuku analowa, ndipo ndinadabwa. Ndinkayesa chimunthu chachitali chonunkhira mafuta. Ayi, kamayi kafupi, magalasi pamphuno, nsapato za mphira, imvi ngati zangazi. Mabuku atsopano amene anabwera nawo anali m'katoni yomata, anati atsegula pomaliza. Ndiye powerenga panafunika kabuku kathu komwe kaja, kamabowo.

A Nkhanga ananyamuka, duku latsopano litaima ngati lipombo la tambala. Podutsa anandiponda chala. Anatsegula, anatsokomola, anayamba mokweza ndi mawu a pamsika.

"Tsiku lina bakha anapeza ngoma."

Ana anaphulika. Anawo ndi Atumbuka, anaona bakha ali ndi chimanga kukamwa. A Nkhanga anadzidzimuka, anabwereza.

"Anapeza... ngoma."

Lilime, lilime, iwe lilime! Masabata atatu analiphunzitsa okha pamsika, m'mawa ndi masana, lero likanakana bwanji? Anayesa kachitatu, inatuluka ngoma yomweyo. Ana akugubuduka, aphunzitsi athu agwira kumutu, amayi olemba akuyang'ana uku ndi uku osamvetsa chimene chikuseketsa. Pakamwa pa a Nkhanga paja pamene sipanatsekepo chibadwire panati tsekee. Ine pa benchi mtima mbee, mtima kuvina, mtima kudya nyama ya Khirisimasi! Ndinawasiya aime choncho, ndinawerenga mpweya wanga kasanu, kuti kukoma kulowe bwino.

Kenaka ndinaiyamba nyimbo yanga ija, chikhalire, ndi mphuno yonse.

"Bakha anapeza ng'ooma, ee, ng'oma ya chimtali! Anaikiramo mazira, ee, kuseri kwa nkhokwe!"

Azimayi anzanga anawomba m'manja, ana anavomera, holo inagwedezeka. Amayi olemba anakweza dzanja, anandikodola. Ndinayenda kupita kutsogolo ndi kayendedwe kanga komweko, kumanja, kumanzere, osafulumira, aone onse kuti bakha akafika amafika.

Amayi olembawo anatenga kabuku kwa a Nkhanga, anakaunika, anaona kuwala kukudutsa.

"Wadya buku langa ndani?"

A Nkhanga mawu anabwerera pompo. "Ni aba, amama! Na lezala! Ati ni nchenche zanga!"

Ndinafotokoza ndekha, osabisa kanthu. Amayiwo anaseka mpaka anavula magalasi kupukuta maso. Atamaliza anandiyang'ana.

"Kuimba mwaimba, amayi. Tsopano ndiwerengereni apa."

Anatsegula tsamba lomaliza. Mayo! Tsamba limenelo ndinali nditangolipala, sindinaliimbepo. Nyimbo inandithera. Panatsala ine, chala changa, ndi zilembo zitaima mzere ngati asilikali.

Ndinaika chala. "Ma-zi-ra a-ta-swa," ndinapuma, "ba-kha..." Mawu otsatira anali aatali ngati msewu wa ku Chipata. Ndinaona a, ndinaona na, kutsogolo kwake chifunga.

A Nkhanga anali chiimire pambali panga. Ananong'ona mano atalumana. "Sonkha, cidakwa ca malezala imwe. Sonkha."

"Khalani chete, ndawaona kale," ndinatero. Ndinali ndisanawaone.

"A-na-so-nkha-ni-tsa a-na a-ke." Ndinadutsa! Ndinapitirira, liwu ndi liwu, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala. Ena ndinaterereka, ndinabwerera, ndinapondanso. A Nkhanga anayesa kunong'onanso, ndinawagunda ndi chigongono, pakuti kumeneko ndinkaona ndekha. Mzere womaliza unali ndi bowo langa pakati penipeni, kuwala kwa pazenera kukuonekera. Ndinadziwa chimene chinali pamenepo ndisanachichotse. Ndinakoka mpweya, ndinalidzaza bowolo ndi mphuno yanga, "ndipo ng'oooma inalira," mpaka chala chinafika pa kadontho kotsiriza, kapansi, kamene mwamwayi lezala linakasiya.

Amayi olemba mabuku anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anati, "Mwawerenga." Mawu amodzi okha, koma ndinawamva mpaka kuzidendene.

"Mwana wa giledi wani sembe anasiliza kalekale," anatero a Nkhanga, mokweza ndithu kuti akutsogolo amve.

Ndinatembenukira kwa anthu, ndinaika dzanja pakamwa, ndinadziimbira nthungululu ndekha, yaitali, yaitali, m'khutu mwa a Nkhanga mwenimweni.