Mbale za Ukwati wa Achemwali

Anandilanda chipinda. Chinali chaching'ono, cha bedi limodzi, zenera lake loyang'ana njanji ya ku Barking, kuno kutsidya kwa nyanja, koma ndinagonamo zaka zitatu. Palibe anandikalipira. Nkhaniyo ndinaimva Loweruka masana m'sitolo ya ziwiya, tikusankha mbale.

Fulati imene tinkakhalamo inali ya achemwali anga. Iwo ndi namwino, ndipo amandiposa zaka zisanu ndi zinayi. Amayi atabwerera ku Zomba anandisiya m'manja mwawo kuti ndimalize sukulu. Sindinamalize. Ndinasiya yunivesite chaka chachiwiri. Musandifunse chifukwa, anthu a kutchalitchi anafunsa kale ndipo anadziyankha okha. Ndinapeza ntchito yotsuka mbale kukhitchini ya hotela ina m'tauni. Ndikadali komweko.

Achemwali anapeza mwamuna, bambo wofatsa wa ku Woolwich wogwira ntchito ya makompyuta. Anagwirizana kuti ukwati ukachitika alamuwo adzasamukire kwathu, poti lendi ya ku Barking ndi yotsikirapo. Za ine palibe ananenapo kanthu. Nanenso sindinafunse, ndinkaopa yankho. Miyezi itatu ndinkayenda m'nyumbamo mwakachetechete ngati mphaka, kutaya zinyalala osatumidwa, kukolopa kubafa, kugula mkaka usanathe. Ndinkafuna aone kuti munthuyu ali ndi ntchito.

Tsiku lina m'mawa, achemwali akuvula nsapato atangoweruka, anandifunsa.

"Iwe, Loweruka uli pa ofu?"

"Eya."

"Tipitire limodzi kukasankha mbale. Suja iwe ndi mbale ndinu pachibale?"

Ndinavomera msanga. Ndinaganiza kuti munthu amene ukufuna kumuchotsa sumutenga kukasankha mbale zoti azidyera. Apa ndiye ndinalakwitsa.

Kwa amene sanaonepo, kuno akwati amalemba okha mphatso zimene akufuna. Umapita kusitolo, amakupatsa kamakina kam'manja, ukaloza chinthu kamalira, chinthucho n'kulowa pamndandanda. Oitanidwa amaona mndandandawo pafoni, aliyense n'kugula chimene angathe. Achemwali anaziona kwa anzawo a kuwodi ndipo anazikonda, ati zimapewetsa kulandira maketulo asanu.

Pasiteshoni tinapeza Anti akutidikira. Si abale athu. Ndi mayi wa kutchalitchi, wosamalira okalamba ku Ilford, amene anali mlangizi wa achemwali komanso wapampando wa komiti ya ukwati. Sindinadziwe kuti nawonso akubwera.

"Mwadzuka bwanji, Anti?"

"Tadzuka, a pulofesa. Sinki ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Chabwino. Ntchito ndi ntchito, mwana wanga. Ngakhale khasu sanyoza."

Ananena mokweza, m'sitima yodzaza. Ndinayang'ana pansi mpaka titatsika.

Sitoloyo inali ya nsanjika zingapo, ziwiya zili pamwamba. Mtsikana wogulitsa anapereka kamakina kwa achemwali n'kutisiya. Ine ndinadutsa mbale zonse zamaluwa, zakuda, zamakona anayi, osaima. Ndinakafika kumapeto, kushelefu yapansi kumene amaika zoyera zopanda chilichonse.

Pa zinthu zonse zapadziko, ichi chokha ndiye ndimachidziwa. Mbale zimadutsa m'manja mwanga tsiku lonse, zotentha, zoterera. Ndimadziwa imene ifike chaka chamawa ndi imene ithere m'bini mwezi uno. Mbale siyambira pakati kufa, imayambira m'mphepete. Ikakhala ndi mlomo wopyapyala, ingogundana ndi mpopi kamodzi, yabenthuka. Yamakona anayi ili ndi malo anayi obenthukira. Yakuda yosawala imaoneka bwino m'sitolo, koma mpeni ukadutsapo mzere wake suchoka.

Ndinatenga imodzi, kuitembenuza, kuyendetsa chala pa kamkombero kapansi.

"Gwirani apa, achemwali. Mwamva kusalala? Kakakhala kokakala, mukasanjikiza kamakanda inzake yapansi. Miyezi isanu ndi umodzi zonse zili mizeremizere."

Anagwira, n'kugwedeza mutu.

Ndinaigogoda ndi chikhadabo. Inalira bwino, kulira kotalika. Ndinawauza kuti dothi lake linapsa mokwanira, silimwa madzi. Ndinawaonetsa mlomo wake wonenepa, wopindikira mkati pang'ono. Ndinasanjikiza zisanu ndi imodzi n'kuzigwedeza, sizinasunthe. Ndinati zoyera ndi zabwino chifukwa imodzi ikasweka mupeza inzake paliponse, pomwe zamaluwa chaka chamawa asiya kupanga. Sindinalankhulepo mawu ambiri chonchi m'nyumba mwathu chisiyireni sukulu.

Anti anatulukira atanyamula mbale ina ndi manja awiri, ngati ya mgonero. Inali yopyapyala, kuwala kumadutsa, m'mphepete muli mzere wagolide ndi timasamba tobiriwira.

"Zachipatalazo bwezani," anatero. "Mkwatibwi adyere mbale ngati za odwala? Mbale ndi izi."

"Imeneyo siichedwa, Anti."

"Wati chiyani?"

"Golideyo amasuluka m'makina otsukira. Ndiye achemwali amabwera kuntchito atatopa, chakudya amatenthetsa m'mayikulowevu. Ikani imeneyo muone, ithetheka moto."

Anti anaseka mpaka mzungu wina amene ankaona mapoto anatembenuka.

"Tamumvani! Ndani wakuuza kuti azidyeramo? Izi ndi za alendo, iwe. Wakulira kuti?"

Ndinakulira ku Zomba mpaka zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndinkadziwa bwino zimene ankanena. Kwathu kunali kabati yagalasi pabalaza. M'menemo munkakhala mbale zadothi za ukwati wa amayi, zoimikidwa chammbali kuti maluwa azioneka. Ife tinkadyera zapulasitiki zokandikakandika. Zadothizo zinkatuluka kukabwera abusa kapena akuchimuna, tikatero n'kuzitsuka ndi mantha, n'kubwerera m'malo mwake. Kiyi ankakhala pa chitenje cha amayi. Mbale zimenezo zilipo mpaka lero, chifukwa sizinagwirepo ntchito.

"Kuno si kumudzi, Anti. Mbale yosadyera ndi ya chiyani?"

"Nyumba yopanda mbale za alendo si banja, ndi gowelo. Akuchimuna akabwera kudzaona mwana wawo, uwapatsa za kuhotela kwakozo? Atinena kuti sitinamulange mtsikanayu."

Achemwali anaima pakati pathu, kamakina kali m'manja. Iwo sakonda mikangano. Amatopa ndi ya kuwodi.

"Tiika zonse ziwiri," anatero. "Zagolide za alendo, zoyera za masiku onse."

Kamakina kanalira pa yagolide. Kenako anandiyang'ana.

"Zoyerazi zingati?"

"Khumi ndi ziwiri za mtundu uliwonse. Zazikulu, mabakuli, makapu. Tili atatu m'nyumba, ndiye zina zili musinki, zina mufiriji, imodzi kapena ziwiri zidzasweka ndithu."

Mawu akuti atatuwo ndinawanena dala. Ndinadikira. Achemwali anaweramira kamakina n'kuyamba kudinadina manambala, ngati kavuta. Kanalira. 

"Tsopano kabati," anatero Anti, n'kutsogola.

Ndinawatsatira kuchigawo cha mipando. Ndinkaganiza kuti akungosirira, chifukwa pabalaza pathu panali sofa, wailesi yakanema ndi katebulo kopinda, basi. Ukatambasula miyendo umagunda khoma.

"Kabati muiika pati? Padenga?"

Palibe anaseka. Anti anaima pa kabati yaitali ya zitseko zagalasi n'kufunsa achemwali ngati ingakwane. Achemwali anatulutsa foni, kutsegula pamene analemba, n'kuwerenga.

"Mamita awiri kuchotsako pang'ono, kuyambira pachitseko kukafika pazenera. Ikwana. Tebulo la anthu anayi likhala mbali inayo."

M'fulati muja khoma loyambira pachitseko kukafika pazenera linali limodzi lokha. Ndi limene bedi langa linatsamira.

"Achemwali, khoma limenelo ndi liti?"

Anti anayang'ana achemwali. "Aa! Sunamuuze?"

"Ndimati ndimuuze tikafika kunyumba."

"Mundiuze chiyani?"

Achemwali anaika foni m'chikwama, kutseka zipi, kuitsegulanso. Anati alamu akufuna malo odyera, poti abale awo ndi ambiri ndipo amayenderana Lamlungu lililonse. Anati si lero kapena mawa, ndili ndi miyezi iwiri. Anati andithandiza kufunafuna.

"Munayeza liti?"

"Lachiwiri. Unali kuntchito."

"Bedi munasuntha?"

"Ndinakwera pamwamba."

Anti analowererapo, mawu atawafewetsa, zomwe zinali zoipa kuposa kunyoza kuja.

"Mwana wanga, usaone ngati nkhanza. Mnyamata wandevu sagona khoma limodzi ndi mlongo wake wokwatiwa. Nyumba yatsopano ili ndi mwambo wake. Ndine ndinamuuza. Ngati ukufuna wokwiyira, kwiyira ine."

Ndinafufuza mkwiyo m'kati mwanga, sindinaupeze. Ndinangomva njala, ndi phazi lamanzere likuwawa pamene nsapato ya kuntchito inandidya. Panali nyimbo ikulira chapansipansi m'sitolomo. Mwana wina ankakoka amayi ake kuti akaone mabedi osanjikiza.

Ndinatsegula kabati ija n'kugwira shelefu.

"Iyi ayi," ndinatero. "Mashelefu ake ndi agalasi lopyapyala. Mukasanjikiza mbale khumi ndi ziwiri pakati, tsiku lina mudzamva phokoso. Tengani iyo ya mashelefu athabwa. Ndipo muikhomerere kukhoma, pansi pa chipinda chija mpopendekera chakuzenera."

"Mwaona?" anatero Anti. "Mutu ulimo mwana ameneyu. Kungoti anausiya panjira."

Achemwali analoza kamakina pa kabati yathabwa. Kanalira. Tinasankhanso masipuni, mafoloko ndi mapoto awiri. Pa mapoto ndinawauza kuti atenge a zigwiriro zokhomedwa ndi misomali, osati zomatidwa. Anamvera zonse zimene ndinanena tsiku limenelo.

Anti anatsikira ku Ilford. Ife tinakwera basi mpaka ku Barking. Tili pafupi kutsika, achemwali anandigwira bondo.

"Pa zoyera zija udzatengako zako. Mbale ziwiri, bakuli ndi kapu. Usakayambe ndi manja okha."

"Chabwino."

"Wakwiya?"

"Ayi."

"Ukanakwiya bwenzi zili bwino."

Ukwati unachitika m'holo ina yobwereka. Ine ndinali wonyamula mabokosi ndi kuloza anthu kokhala. Ambiri mwa anthu akwathu mndandanda uja sanaulabadire, anadikira perekaniperekani n'kuvina akuponya ndalama monga mwa nthawi zonse. Maketulo anabwera atatu. Koma mbale zagolide zinagulidwa tsiku loyamba lomwe, amayi a kutchalitchi anasonkherana. Kabati anagula abale a alamu. Zoyera anagula anamwino anzawo a achemwali, seti yonse.

Ndinasamuka sabata imodzi ukwati usanachitike. Ndinapeza chipinda ku Ilford, m'nyumba ya amuna asanu osadziwana. Kukhitchini kuli mbale zisanu ndi ziwiri zosiyanasiyana, zosiyidwa ndi anthu amene anachoka kale, zonse zobenthuka. Ndimadyera m'kontena ya pulasitiki imene ndimabweretsera zotsala za kuhotela. Sindidandaula. Kutsuka kwake n'kosavuta.

Kwa achemwali ndapitako kawiri. Ulendo woyamba sindinatchule za mbale, anali akadali m'chisangalalo. Ulendo wachiwiri ndinafunsa tili kukhitchini, alamu akupukuta makapu.

"Zanga zija nditenge lero?"

Achemwali anayang'ana amuna awo. Alamu anamwetulira mwaulemu wawo uja, n'kundiyankha.

"Alamu, seti ikachoka ziwiri ndiye kuti yaperewera. Dikirani kaye, tikugulirani zina zofanana nazo. Paja munati zoyera zimapezeka paliponse?"

Ndinatero ndithu. Sindikanatsutsa.

Papita chaka ndi miyezi inayi. Mwezi watha achemwali ananditumizira uthenga wa mawu ali m'basi. Ankaseka. Ati alamu anagwetsa mbale yaikulu pa matailosi, inangozungulira n'kukhala, osabenthuka ngakhale pang'ono. Ati anzawo awiri amene akukwatiwa chaka chino akufuna ndikawasankhire. Ati ndili ndi mphatso, ndisaikwirire. Ndinamvetsera mpaka kumapeto kuti mwina atchula. Sanatchule.

Zanga zimene zatsala kwa iwo ndi mbale ziwiri, bakuli limodzi ndi kapu imodzi.